Timizati Tosaoneka

Mwanaisha anabwera nayo atayikulunga m'kansalu,
foni imene mwamuna wake anatumiza kuchokera ku Joni.
Pakati pa galasi panali banga lakuda,
lozungulira ngati chipsera cha khala pa chitenje.
"Sinagwe," anatero. "Sindinaigwetse, Che Ajasi."

Che Ajasi sanayankhe msanga.
Shopu yawo ndi kontena kuseri kwa msika wa pa boma,
chitsulo chimene chimayamba kuwotcha dzuwa lisanakwere,
kabaza akuimba belu pakhomo, fumbi likulowa osaodira.
Ine ndi chaka changa chachiwiri pamenepo:
ndimagwira tochi, ndimatola timasikuluwu tikagwa.

Anandiitana. "Twaibu, bwera uone."
Anatenga sikirini yakufa m'katoni,
anaiyalula ndi lezala monga mmene amang'ambira chambo,
naiika pansi pa mandala.
Galasi si limodzi ayi, ndi awiri,
ndipo sakhudzana.
Pakati pawo pali mpata woti tsitsi silingalowe,
m'mpatamo timadzi tokhotetsa kuwala,
ndi timizati, tambirimbiri,
titaima chilili ngati anthu pa mzere wa feteleza.

"Amene anakonza izi anasowa tulo," anatero Che Ajasi.
"Timizati tikachepa, galasi limabwafuka.
Tikachuluka, kuwala kumadontha m'mbali mwake.
Tikauma kwambiri, kuzizira kwa ku Dedza kumasiya thovu.
Ndipo kutentha kwathu kuno,
timadzi timafufuma, denga limanyamuka pa mizati,
zonse n'kutsikira m'munsi ngati ufa m'thumba."

Kenako anandionetsa chimene sindinaiwale.
Timizati tina ndi tatitali, timasenza usana ndi usiku.
Tina ndi tatifupi, sitifika n'kudenga komwe,
timangoima, ungati n'taulesi,
mpaka tsiku limene chala chidzasindikize.
Pamenepo m'pamene timalandira katundu.

Mwanaisha anali chete pa benchi.
Che Ajasi anayatsa foni ija, chithunzi chinabwera:
mwamuna atavala chipewa cha ubweya, kumbuyo kwake njanji,
ndipo banga lija linali pankhope penipeni.
"Mumagwira pano?"
Anayang'ana pansi. "Usiku ana akagona.
Zaka zinayi tsopano. Amati Disembala,
Disembala ikafika amati mapepala."

Palibe anaseka.
Mamvekedwe a adhana anadutsa pamwamba pa malata,
lole ya mchenga inagwedeza mlatho wa Shire,
ine ndinangoyang'ana chala chake chachikulu,
chokhakhala ndi kusenda chinangwa,
chimene chinagwetsa mizati yaitali ndi yaifupi yomwe
popanda mkwiyo uliwonse.

Sikirini yatsopano inali zikwi makumi awiri ndi zisanu.
Anali ndi khumi ndi zisanu ndi zitatu, za mandasi.
Che Ajasi analemba zotsalazo m'kope lopanda chikuto,
tsamba limene sindinawaonepo akulitsegulanso.
Ndinaika ndine galasilo, manja akunjenjemera,
osapuma, kuti fumbi lisalowe.
Nkhope inabwerera yonse, ndi kachipsera ka pachibwano.

"Muzigwira m'mbali," Che Ajasi anatero.
Iye anavomera ndi mutu, koma tonse tinadziwa.

Madzulo ndikutseka loko ndinaganiza za mayi anga ku Namwera,
za malume amene sitiwaona chaka chathunthu
koma maliro akagwa ndi oyamba kufika ndi khasu,
za mchemwali wa Mwanaisha amene anam'perekeza
n'kukhala panja padzuwa, mwana kumsana, osanena kanthu.

Sikirini yakufa ija sindinataye.
Ili m'thumba la malaya anga a ntchito.
Makasitomala akasowa ndimaiika pansi pa mandala,
ndimafunafuna tatifupi tija,
ndimayesa kutiwerenga,
ndipo nthawi zonse wina amalowa ndi foni ndisanamalize.